Mmene amalonda anagulira tsiku la zitsiru

Pa 1 Epulo 1957, anthu a ku Britain ankaonera Panorama, pologalamu ya pa kanema wa BBC yomwe inkadziwika kuti ilibe chibwana. Chakumapeto kwake anaona banja lina la ku Ticino, kum'mwera kwa Switzerland, likuthyola supageti m'mitengo ngati mango. Wofotokoza anali Richard Dimbleby, yemwe uja anaulutsa mwambo woveka ufumu Mfumukazi Elizabeth mu 1953. Iye ananena modekha kuti zokolola zachuluka chifukwa chisanu sichinavute, komanso nankafumbwe wa supageti wachepa. Nthawi imeneyo supageti sanali chakudya chofala ku Britain, ndiye anthu ambiri anaimba foni kufunsa kadzalidwe ka mtengowo.

BBC sinkagulitsa kanthu tsiku limenelo. Koma inaonetsa chinthu chomwe amalonda anadzachikonda pambuyo pake: bodza limakoma likatuluka m'kamwa mwa munthu amene sanama. Akanakhala wanthabwala wodziwika, palibe akanaimba foni.

Ine ndimaona kuti tsikuli linagulitsidwa mu 1977. Pa 1 Epulo chaka chimenecho nyuzipepala ya The Guardian inatulutsa masamba 7 ofotokoza za dziko la zilumba lotchedwa San Serriffe. Mayina onse anatengedwa ku ntchito yosindikiza: zilumba zake zinali Upper Caisse ndi Lower Caisse, likulu linali Bodoni, lomwe ndi dzina la mtundu wa zilembo, ndipo wolamulira anali General Pica. Ganizoli silinachokere kwa atolankhani olemba nkhani za tsiku ndi tsiku ayi. Linachokera kwa Philip Davies, wa kunthambi yokonza masamba apadera okamba za mayiko, aja amene cholinga chawo chenicheni chinali kukopa otsatsa malonda. Ndipo otsatsa anabweradi. Kodak inapempha owerenga kuti atumize zithunzi zomwe anajambula ku San Serriffe. Guinness ndi Texaco analowanso m'sewerolo. Analipira ndalama zenizeni kutsatsa malonda m'dziko lomwe kulibe, ndipo owerenga anawakonda chifukwa cha zimenezo.

Nkhani yomwe ndimaikonda kwambiri ndi ya 1996. Taco Bell, kampani ya malo odyera ku America, inagula tsamba lathunthu m'nyuzipepala zikuluzikulu, kuphatikizapo The New York Times, n'kulengeza kuti yagula Liberty Bell. Limeneli ndi belu long'aluka lija la ku Philadelphia, lomwe anthu a ku America amalitenga ngati chizindikiro cha ufulu wawo. Kampaniyo inati yachita izi pofuna kuthandiza boma kuchepetsa ngongole, ndipo belulo lizitchedwa Taco Liberty Bell. Anthu anapsa mtima. Mafoni anavuta kuofesi ya National Park Service, yomwe imasamalira belulo, mpaka ogwira ntchito anachita kuitanitsa atolankhani kuti atsutse. Atafunsidwa za nkhaniyi, mneneri wa ku White House, Mike McCurry, anangowonjezera nkhuni pamoto: anati chipilala cha Lincoln Memorial nachonso chagulidwa ndi Ford ndipo chizitchedwa Lincoln Mercury Memorial, potengera mayina a galimoto za kampaniyo.

Bodzali linagwira chifukwa linakhudza mantha enieni. M'zaka zimenezo makampani ankagula mayina a mabwalo a masewera, ndiye munthu akanakana bwanji kuti belu nalo lingapite? Koma taonani zomwe Taco Bell inachita. Pofika masana tsiku lomwelo inatulutsa chikalata chovomera kuti zinali zocheza, n'kulonjeza madola 50,000 othandizira kusamalira belulo. Ku Britain kuli mwambo woti zopusitsana zimatha 12 koloko masana, ndipo wopitiriza ndiye amasanduka chitsiru. Kampaniyi inachita ngati ikutsata mwambo womwewo. Inabwereka chikhulupiriro cha anthu m'mawa, n'kubweza dzuwa lili paliwombo, ndi kachiwongoladzanja pamwamba.

Burger King inatsatira mu 1998 ndi Whopper ya anthu amanzere. Chilengezo cha mu USA Today chinati zoikamo zonse zatembenuzidwa madigiri 180 kuti zikomere anthu 32 miliyoni amanzere a ku America. Chinthu chake n'chozungulira, abale, ungachitembenuze bwanji? Komabe anthu anapita kukaitanitsa, ena n'kumalimbikira kuti awapatse ya amanjamanja.

Kenaka kunabwera intaneti, ndipo Google inasandutsa 1 Epulo kukhala mwambo wake wa chaka ndi chaka kuyambira mu 2000. Nzeru yake yaikulu inali ya mu 2004, pomwe inatembenuza sewero lonse. Patsiku la zitsiru inalengeza Gmail, imelo yaulere yokhala ndi malo a 1GB, pa nthawi yomwe Hotmail inkapereka 2MB ndipo Yahoo 4MB. Ambiri anaseka n'kumati tazindikira, sitipusa. Koma zinali zoona. Opusitsidwa anakhala ochenjera aja. Mu 2014 inabisa tizilombo ta Pokémon pa Google Maps ngati nthabwala, ndipo patapita zaka ziwiri masewera a Pokémon Go anatulukadi.

Vuto la intaneti n'lakuti ilibe masana. Nyuzipepala ya pa 1 Epulo, pofika pa 2 imakhala itakulungira zitumbuwa, koma chithunzi cha pa foni chimayenda popanda deti. Chimakupezani pa WhatsApp mu Juni, azakhali atachitumiza ndi mtima wonse. Vuto lina n'lakuti makampani anasiya kungonena bodza, n'kuyamba kuliika m'zinthu zomwe timagwiritsa ntchito. Mu 2016 Google inawonjezera batani mu Gmail pafupi ndi lotumizira kalata. Ukalidina, kalata yako inkapita ndi kachithunzi koyenda ka Minion akugwetsa maikolofoni, ndipo mayankho a kalatayo sunkawaonanso. Anthu analidina mwangozi polembera mabwana awo ndi makasitomala. Google inalichotsa pasanathe tsiku n'kupepesa. Woseketsa pano sanalinso kampani yodziseka yokha. Anali wosuta foni, pamaso pa bwana wake.

Mu 2019 mkulu woona zotsatsa malonda ku Microsoft, Chris Capossela, analembera ogwira ntchito kuti asachite nawo zopusitsa anthu. Mu 2020 Google inasiya chifukwa cha Covid-19, ndipo chaka chotsatira sinabwerere. Munthu ukanaganiza kuti onse amva.

Koma Volkswagen. Pa 29 Malichi 2021, chikalata chinaoneka kwa kanthawi patsamba la nthambi yake ya ku America, chonena kuti dzina lisintha kukhala Voltswagen, posonyeza kuti tsopano ikulimbikira galimoto zamagetsi monga ID.4. Atolankhani sanali zitsiru. Ankadziwa kuti Epulo wayandikira, ndiye anafunsa mwachindunji ngati zinali zoona. Anauzidwa kuti n'zoona. Pa 30 Malichi kampaniyo inatulutsa chikalata chotsimikiza, ndipo Associated Press, CNBC ndi USA Today analemba nkhaniyo ngati yeniyeni. Tsiku lomwelo kampani inatembenuka n'kunena kuti zinali za tsiku la zitsiru. Tsikulo linali lisanafike n'komwe.

Apa ine sindiseka. Kwathu asuweni amasereulana mawu oti mlendo angathawe nawo, koma onse awiri amadziwa kuti ndi chisuweni, ndipo msuweni ukamufunsa kuti "ukunena zoona?" nkhope ili gwa, amaseka n'kuulula. Dimbleby anasiya zizindikiro, San Serriffe inali ndi zizindikiro mzere uliwonse kwa wodziwa zosindikiza, Taco Bell inaulula isanadye nkhomaliro. Volkswagen inafunsidwa nkhope ili gwa, n'kulumbira. Komanso tikumbuke kuti ndi kampani yomwe mu Seputembala 2015 inagwidwa itaika pulogalamu yobera mayeso a utsi m'galimoto za dizilo pafupifupi 11 miliyoni, ndipo mu 2017 inavomera mlandu m'khoti ku America. Inalibe chikhulupiriro choti n'kubwereka. Inatenga cha atolankhani, omwe anatsala akukonza nkhani zawo ndi kufotokozera owerenga kuti ananamizidwa.

Mtengo wa masheya a kampaniyo unakwera tsiku la chilengezocho, ndipo izi zinasandutsa nthabwala kukhala nkhani ya ndalama za anthu. Patangotha milungu yochepa zinamveka kuti SEC, bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, layamba kuifunsa mafunso Volkswagen za dzina lija.