Mendulo za ku Edinburgh, 1986

Mendulo zonse zitatu zimene dziko la Malawi linapata pa Masewero a Commonwealth kufikira a ku Birmingham mu 2022 n'za nkhonya, ndipo zonse zinachokera mumzinda umodzi, Edinburgh, ku Scotland. Yoyamba anabwera nayo Tatu Chionga mu 1970. Ziwiri zinazo n'za 1986: ya Lyton Mphande m'gulu la lightweight ndi ya Solomon Kondowe m'gulu la light welterweight. Zonse n'zamkuwa, zimene pa nkhonya zimapatsidwa kwa onse awiri ogonja m'ndime ya semifainolo.

Koma mpikisano wa 1986 unali wopunduka. Mayiko 32 ananyanyala pokwiya ndi boma la Margaret Thatcher, lomwe linkakana kukhaulitsa South Africa ndi zilango za chuma chifukwa cha ulamuliro wake watsankho. Nigeria, Ghana, Kenya, Uganda ndi Zambia, mayiko amene ankadziwika ndi nkhonya mu Africa, onse anakhala kwawo. Pakati pa ochepa amene anapita panali Botswana, Swaziland ndi Malawi. Za Malawi sizinadabwitse aliyense, popeza Dr. Kamuzu Banda anali atakhazikitsa kale ubale waukazembe ndi Pretoria mu 1967, mosasamala mkwiyo wa anansi ake.

Apa m'pamene wolemba mbiri amagwira njakata. Kuti njira ya Mphande ndi Kondowe inalambulidwa ndi kusowa kwa adani oopsa, n'zoona. Zambia yokha inali itatulutsa kale Lottie Mwale, katswiri wa golide ku Christchurch mu 1974, ndi Keith Mwila, amene anapata mkuwa pa Olimpiki ya ku Los Angeles mu 1984. Komabe kupeputsa mendulozo pachifukwa chimenechi n'kulakwira anyamatawo. Chisankho chopita ku Edinburgh sichinali chawo, ndipo m'Malawi wa chipani chimodzi wosewera sakanayerekeza n'komwe kufunsa chifukwa chimene ankatumidwira. Nayonso nkhonya ya amene anabwera sinali yamasewera. Canada, imene inatenga golide m'magulu onse awiri a Amalawiwo kudzera mwa Asif Dar ndi Howard Grant, inalinso ndi Lennox Lewis, yemwe pambuyo pake anadzakhala katswiri wa dziko lonse wa heavyweight.