Mboni za Ukwati ku Italia: Lamulo la ku Trento

Tikaona mboni ziwiri zitaima pambali pa akwati m'tchalitchi ca ku Italia, tisayese kuti zangobwera kudzakometsera mwambo. Udindo wawo unayamba cifukwa ca misozi ya anthu okanidwa.

Kale, mwamuna ndi mkazi akangovomerezana, ngakhale mseri popanda wina womva, Mpingo unkati ukwati wamangika. Tsono mwamuna ankatha kukana lonjezo lake n'kukwatira wina poyera, mkazi woyambayo n'kusowa womuikira umboni. Ndiye pa 11 Novembala 1563, Msonkhano wa ku Trento unalamula m'cikalata ca Tametsi kuti ukwati uzimangidwa pamaso pa bambo mfumu ndi mboni ziwiri kapena zitatu, apo ayi si ukwati, ndipo maina awo azilembedwa m'kaundula wa parishi.

Lamuloli linasiya mpata: wansembe ankangofunika kumva mawu a akwati, afune asafune. M'buku la Alessandro Manzoni lochedwa I promessi sposi, Renzo ndi Lucia alowa usiku kwa Don Abbondio pamodzi ndi mboni zawo, Tonio ndi Gervaso, kuti amudzidzimutse, koma iye aphimba Lucia ndi nsalu asanatsirize mawu. Papa Pio X anatseka mpatawu mu 1907 ndi lamulo la Ne temere: wansembe azifunsa yekha ndi kulandira civomerezo.

Kuyambira 1929, boma la Italia limavomereza ukwati wa m'tchalitchi, ndipo cikalata cimene mboni zasayina cimatumizidwa ku ofesi ya boma. Tikuphunzirapo kuti omanga ukwati ndi akwati eni ake. Nchito ya mboni ndi kuona, kumva ndi kukumbukira, kuti wofooka asadzakanidwe.