Kusunga Nyama Zakutchire Pakhomo: Zimene Lamulo Likunena ndi Mmene Ozisunga Amalionera

M'midzi ndi m'matauni a dziko lino si chachilendo kupeza pusi atamangiriridwa chingwe m'chiuno pansi pa mtengo wa mango, kamba ali m'beseni lakale, kapena chinkhwe chili m'chikwere pakhonde. M'mphepete mwa misewu ikuluikulu mumapezekanso anthu otsatsa tiana ta agwape ndi mbalame kwa oyenda pa galimoto. Ambiri mwa ogula ndi ogulitsawa saona kuti pali mlandu. Koma mlandu ulipo, ndipo chilango chake chinakwera kwambiri m'zaka zapitazi.

Lamulo lalikulu pankhaniyi ndi lokhudza malo otetezedwa ndi nyama zakutchire, lotchedwa National Parks and Wildlife Act, limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo linakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017. Maziko ake ndi akuti nyama iliyonse yakutchire imene ili m'malo ake achilengedwe m'Malawi ili m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse. Izi zikutanthauza kuti nyama sikhala ya munthu chifukwa chakuti waipeza m'munda mwake, waikola mu msampha wake, kapena waigula ndi ndalama zake. Wofuna kusunga nyama yakutchire ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku Nthambi Yoona za Malo Otetezedwa ndi Nyama Zakutchire, ndipo ziphasozi n'zosiyanasiyana: china n'chosungira nyama mu mpanda, china n'choweta nyama zakutchire ngati ulimi. Chiphaso sichiperekedwa mwachisawawa. Chimadza ndi zoyenera kutsata pa kukula kwa khola, chakudya ndi chisamaliro cha nyamayo.

Lamuloli limaika nyama m'magulu malinga ndi kukula kwa chiopsezo chakuti zingathe. Gulu lapamwamba kwambiri ndi la nyama monga njovu, chipembere ndi ngaka. Wopezeka ndi nyama ya m'gululi, yamoyo kapena yakufa, ngakhale chiwalo chake chokha, angathe kulamulidwa kukakhala kundende mpaka zaka 30, ndipo palibe mwayi wolipira chindapusa m'malo mwa ukaidi. Apa alimi achenjere kwambiri ndi ngaka. Nyamayi sithawa; ikaopsedwa imangodzipinda ngati nkhata, choncho ngakhale mwana angathe kuinyamula. Ena amaitengera kunyumba atamva mphekesera zakuti pali ogula a ndalama zambiri. Ngaka imadya nyerere ndi chiswe chokha, ndipo ikasungidwa m'thumba kapena m'nyumba imafooka msanga n'kufa. Kawirikawiri woisungayo amatsala wopanda ngaka, wopanda ndalama, koma ali ndi mlandu waukulu kukhoti.

Amalonda amene amaitanitsa nyama kuchokera kunja akukhudzidwanso ndi pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pachiopsezo, la CITES, limene linasainidwa ku Washington mu 1973 ndipo Malawi analowamo mu 1982. Pa msonkhano wa panganoli umene unachitikira ku Johannesburg mu 2016, mitundu yonse ya ngaka pamodzi ndi chinkhwe chotuwa cha ku nkhalango za pakati ndi kumadzulo kwa Africa, chija chimatsanzira mawu a anthu, zinaikidwa m'gulu loletsedwa kugulitsidwa pakati pa mayiko zikagwidwa kutchire. Kuwonjezera apo, nyama yamoyo iliyonse yolowa m'dziko muno imafunika chilolezo cha a zaumoyo wa ziweto. Nsomba nazo zili ndi lamulo lakelake la 1997, limene limaletsa kuika m'madzi athu mitundu yachilendo popanda chilolezo. Amene anaona mmene namasupuni, chomera chochokera ku South America, anadzazira mumtsinje wa Shire, akudziwa chimene chamoyo chachilendo chimachita chikapeza malo.

Ziweto zozolowereka sizikhudzidwa ndi zoletsazi. Nkhunda, akalulu oweta, mbira ndi nkhanga zoswedwa pakhomo ndi ziweto monga nkhuku ndi mbuzi.

Nanga osunga nyamawo amati bwanji? Maganizo awo ndi oyenera kuwamva, chifukwa si onse amene ali ndi mtima woipa. Ambiri amanena kuti anapulumutsa nyamayo. Make anaphedwa ndi agalu kapena ndi olondera chimanga, kamwana kanatsala kakulira, ndiye akanatani? Anakamwetsa mkaka, kanakula, ndipo ana a pakhomo anakazolowera. Kwa munthu wotere, kumva kuti wapalamula chifukwa cha chifundo chake kumamupweteka mtima. Alimi ena amafunsa funso lina lolemera: anyani ndi apusi amatha chimanga m'munda chaka ndi chaka, ndipo palibe amawabwezera, nanga bwanji lamulo limafulumira kuteteza nyama kuposa mbewu? Palinso odandaula kuti ofesi zopereka ziphaso zili kutali, ndiponso kuti mahotela ndi anthu olemera amasunga mbawala ndi mbidzi m'mipanda yawo pamene wosauka amalandidwa kamba mmodzi. Dandaulo lomalizali lili ndi yankho lake, lakuti malo oterowo amayenera kukhala ndi chiphaso ndipo opanda chiphaso ndi olakwa chimodzimodzi. Komabe n'zoona kuti munthu wa kumudzi amamva za lamuloli mochedwa, nthawi zina pamene apolisi afika kale pakhomo.

Pali mfundo imene osunga apusi ndi anyani ambiri amadzaivomereza okha pakapita nthawi. Kamwana ka pusi n'kokondweretsa, kamakakamira m'khosi mwa mwini wake ngati khanda. Koma pusi wamphongo akafika zaka pafupifupi zisanu amakhala ndi mano aatali akuthwa ndi mtima wofuna kulamulira, ndipo amayamba kuluma, makamaka ana ndi amayi. Apa m'pamene chingwe chimafupikitsidwa, kapena nyama imatsekeredwa m'kakhola momwe singathe n'kutembenuka komwe. Chingwe chimene chinamangidwa nyama ili yaing'ono chimalowa m'mnofu ikamakula. Pusi wosungidwa angathe kukhala ndi moyo zaka zoposa 20, nthawi imene mabanja ambiri sanaiganizirepo pomugula. Kuluma kwa nyama yakutchire kumabweretsanso nkhawa ya chiwewe, ndipo matenda monga chifuwa chachikulu amatha kupatsirana pakati pa anthu ndi anyani. Ogula m'misewu adziwenso kuti pusi salekana ndi mwana wake mwaufulu. Pafupifupi kamwana kalikonse kotsatsidwa kamakhala kuti make anaphedwa, ndipo ndalama imene wogula wapereka “pokapulumutsa” ndi imene imatumiza wogulitsayo kutchire kukagwira kena.

Nyama zolandidwa kapena zoperekedwa ndi eni ake zambiri zimapita ku Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalira nyama amene amayendetsedwa ndi bungwe la Lilongwe Wildlife Trust mogwirizana ndi boma. Apusi ndi anyani ndiwo amachuluka kumeneko. Nyama ikafika imayamba yasungidwa payokha kuti aipime matenda, kenako imaphatikizidwa pang'onopang'ono ndi zinzake mpaka zitapanga gulu. Ntchitoyi imatenga miyezi, nthawi zina zaka, chifukwa pusi amene anakulira pa nsima ndi tiyi sadziwa chakudya chakutchire, sadziwanso kulira kochenjeza anzake za kambuku kapena chiwombankhanga. Magulu ena otere anakamasulidwa ku nkhalango ya Kasungu. Nyama zimene zinapunduka kapena kuzolowera anthu mopitirira muyeso sizibwereranso kutchire.

Munthu amene ali ndi nyama yakutchire pakhomo popanda chiphaso asaigulitse, asaipereke kwa mnzake, ndipo asakaitaye kutchire payekha, popeza nyama yoleredwa ndi anthu imabwerera kumidzi kukaba chakudya n'kuphedwa. Choyenera n'kudziwitsa ofesi ya zanyama zakutchire imene ili pafupi, apolisi, kapena mfumu ya m'deralo kuti ithandize kufikitsa uthengawo. Wopeza kamwana ka gwape kali kokha m'thengo akasiye pomwepo, chifukwa make amakabisa dala akamapita kukadya ndipo amabwerera. Wopeza ngaka m'munda asaikhudze; ngati yavulala kapena ili pamalo poti agalu angaiphe, adziwitse akuluakulu tsiku lomwelo.