Mbiri ya Wailesi m'Dziko la Gomani

Kale m'dziko la Angoni a Maseko nkhani inali kuyenda ndi miyendo. Inkosi ikafuna kuitana anthu ake ku Lizulu inali kutuma amithenga, ndipo iwo anali kutsika mapiri kunka ku chigwa cha Bwanje, nagona panjira, nafika kwa nyakwawa mau ali m'kamwa. Mthenga anali munthu wodziwika. Anthu anali kudziwa atate wake ndi mudzi wake, ndipo akanama anali kudziwa kokampeza. Wailesi itafika inachita zosiyana ndi zimenezi, pakuti liu lake linali la liwiro koposa mthenga aliyense, koma mwini liulo anali kutali, ndipo panapita zaka pafupifupi 50 asanayandikire.

Chiyambi chake chinali ku Lusaka. M'chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, Boma la Northern Rhodesia linayamba kuulutsa mau kuti anthu amve za nkhondoyo ndi za ana ao amene anapita ku usilikali. Itatha nkhondo, Mzungu wina dzina lake Harry Franklin analimbikira kuti nyumba ya mphepoyo ikule, nitumikire anthu akuda a m'maiko atatu, Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri. Inatchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo Chinyanja chinali chimodzi cha zilankhulo zake, pamodzi ndi Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Koma mau kodi apindulanji popanda chomvera? Tsono m'chaka cha 1949 kampani ya Ever Ready inapanga kawailesi kozungulira konga sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, ka mtengo wa mapaundi 5, batire logula padera. Ndalama zotere sanali kuzipeza mlimi wamba. Ogula anali aphunzitsi, akalaliki, ndi amuna obwera ku Joni kapena ku Harare, ndipo madzulo pakhonde pao panali kudzaza anthu odzamva nyimbo za Alick Nkhata.

Chikondi chimenechi chinazirala ndi chitaganya cha 1953. Ku Ntcheu nkhani ya chitaganya sinali yongomva, chifukwa Inkosi Philip Gomani II inachikana poyera, niuza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a Boma. Boma linaichotsa pa mpando, ndipo inamwalira m'chaka cha 1954. Anthu amene anaona zotere sakanakhulupiriranso msanga liu lochokera ku nyumba ya Boma. Ku Northern Rhodesia kunamveka ngakhale mphekesera yakuti oulutsa mau ndi anamapopa. Linali bodza, komatu bodza limamera bwino pa munthu amene amalankhula tsiku ndi tsiku osaonekera nkhope. M'chaka cha 1958 wailesiyo inalowa m'manja mwa Federal Broadcasting Corporation, ndipo chikaiko chinangokula.

Ufulu unabweretsa MBC m'chaka cha 1964, ndipo liu linasendera kuchoka ku Lusaka kufika ku Blantyre. Patapita zaka zinai, mu 1968, msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagwirizana kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa mphepo. Angoni a ku Ntcheu sanamve kuwawa kwenikweni, popeza Chingoni chinali chitayamba kale kutha pakamwa pao, nichitsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mau otamanda mafumu. Amene anatsala kunja ndiwo Ayao ndi Alomwe, amene malilime ao anakhala a pakhomo pokha. Ndiponso wailesi inali imodzi m'dziko lonse, ndipo inali kulankhula za Boma kwa anthu. Mlimi wa mbatata za kachewere ku Tsangano anali ndi ufulu wa kutchera khutu basi. Dzina la mudzi wake likamveka, kawirikawiri unali uthenga wa maliro. Pamene nkhondo ya ku Mozambique inakula, kuyambira 1986, anthu othawa anadzaza midzi ya m'malire ya Ntcheu, ambiri a iwo olankhula Chichewa chomwecho. Koma panalibe pamene mai wotaya mwana wake pothawa akanaima ndi kufunsa boma lonse nthawi imodzi.

Zinthu zinatembenuka ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994. Chitumbuka chinabwerera pa MBC, ndipo mu 1996 nkhani zinayamba kuwerengedwa m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chisena. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la zofalitsa mauthenga, limene linabala bungwe la MACRA lopereka zilolezo. M'chaka chomwecho ku Monkey Bay, kuseri kwa chigwa cha Bwanje, bungwe la amai atolankhani la MAMWA, mothandizidwa ndi UNESCO, linatsegula wailesi ya Dzimwe, ndiyo wailesi ya m'dera yoyamba m'Malawi. Cholinga chake chinali chakuti amai a kumidzi, amene ngakhale pabwalo la mfumu sanali kupatsidwa mpata kawirikawiri, alankhule okha za umoyo wao, za ulimi, za usodzi ndi za sukulu ya ana ao aakazi. Inali kulankhula Chichewa ndi Chiyao, m'dera limene Mkhristu ndi Msilamu amatunga pa chitsime chimodzi, ndipo mphamvu yake itakula mau ake anafika m'zigawo zina za Ntcheu, Dedza ndi Balaka.

Chatsopano chenicheni pa wailesi yotere sichinali makina, koma anthu okhala kuseri kwa makinawo. Ambiri anali ogwira ntchito mongodzipereka, osalandira malipiro a pamwezi: anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu, ndi ena okhala ndi ntchito zao za masana. Mthenga uja anabweranso, wodziwika atate wake ndi mudzi wake. Akalakwitsa dzina la mfumu usiku, m'mawa anali kukumana nalo funso pamsika. Akaulutsa dandaulo la kusowa kwa mankhwala kapena la mlatho wothyoka, akulu a m'boma anali kudziwa kuti akumva si alendo, koma anthu ao omwe, ndipo m'midzi munabadwa magulu omvera wailesi pamodzi, amene anali kujambulitsa mau ao kuti akayankhidwe.

Komatu kudzipereka sikuphika nsima. Apa ndipo pali chilonda cha mawailesi onse otere. Amalonda a kumidzi ndi aang'ono, salipira zambiri polengeza katundu wao. Magetsi amazima, makina akaonongeka wokonza ali kutali, ndipo thandizo la mabungwe limatha ndi chaka chake. Mnyamata amene waphunzira ntchito zaka ziwiri, nayamba kukoma liu, ndiye amene nyumba zazikulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zimamtenga. Palibe angamdzudzule, pakuti nayenso ali ndi makolo oyembekeza sopo. Koma kwao kumatsala kuphunzitsa wina kuyambira pansi. Radio Maria, imene inayamba ku Mangochi mu 1999, inapeza njira yake podalira zopereka za omvera, koma iyo ili ndi mpingo kumbuyo kwake, chinthu chimene wailesi ya mitundu yonse ilibe.

Ngakhale zili tero, ena anatsata mapazi a Dzimwe. Ku Nkhotakota anatsegula yao mu 2003, ndipo pambuyo pake kunamvekanso Bembeke FM m'boma la Dedza, loyandikana ndi Ntcheu. Pa Lizulu mseu waukulu ndiwo malire: mbali ino Malawi, tsidya lake Angonia wa ku Mozambique, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi a mfunda umodzi, okwatirana ndi oikana maliro. Chilolezo cha MACRA chimalekeza pa mseupo, koma uthenga wa ng'ombe yosokera, ukaulutsidwa madzulo, umamveka m'makhonde a tsidya lija nthawi yomweyo.