Kusandutsa Malasha Kukhala Gasi

Imeneyi ndi njira ya m'mafakitale yotenthetsera malasha pamodzi ndi nthunzi komanso okosijeni wochepa, wosakwanira kuti malashawo apse n'kutheratu. Chotuluka ndi gasi wokhala makamaka ndi haidrojeni ndi carbon monoxide, amene amapangira mafuta a galimoto ndi mankhwala osiyanasiyana.

Malo odziwika kwambiri ndi Secunda, m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa, kumene kampani ya Sasol inatsegula mafakitale awiri mu 1980 ndi 1982, boma la tsankho likuvutika kupeza mafuta kunja. M'ng'anjo za mtundu wa Lurgi zomwe amagwiritsa ntchito kumeneko, malasha amalowera pamwamba, nthunzi ndi okosijeni zimakwera kuchokera pansi, phulusa n'kumatulukira kunsi.

Gasiyo amatuluka wauve. Akamuziziritsa, phula ndi madzi onunkha amoniya zimapatuka, ndipo amoniyayo amapangira feteleza. Kenako amamutsuka ndi methanol wozizira kwambiri, njira yotchedwa Rectisol, kuchotsa salufa, amene akanawononga chitsulo chofulumizitsa ntchito ya Fischer-Tropsch, yosandutsa gasiyo kukhala mafuta. Carbon dioxide nayenso amachoka pamenepo, koma wambiri amangotayidwa mumlengalenga. N'chifukwa chake Secunda ndi amodzi mwa malo otulutsa kwambiri mpweya wotenthetsa dziko padziko lonse.