Mankhwala ochokera ku zomera pa chithandizo cha khansa ya khomo la chiberekero

Mankhwala ochokera ku zomera ndi mbali imodzi ya chithandizo cha chemotherapy, chomwe odwala ambiri amangochitchula kuti kemo. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo ndi khansa yomwe ikupha amayi ambiri m'Malawi kuposa ina iliyonse. Chaka chilichonse amayi oposa 4,000 amapezeka nayo, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira.

Zomera zomwe zili kale mu kemo

Anthu ambiri amaganiza kuti mankhwala a kuchipatala ndi azitsamba ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Zoona zake n'zakuti kemo wina amachokera ku mitengo. Paclitaxel anapezeka m'makungwa a mtengo wa Pacific yew wa ku North America. Monroe Wall ndi Mansukh Wani analongosola kapangidwe kake mu 1971, koma boma la America linavomereza mankhwalawa mu 1992, patatha zaka 21. Paclitaxel amaletsa maselo a khansa kugawikana. Khansa ikafalikira, madokotala amamuphatikiza ndi cisplatin kapena carboplatin, omwe sachokera ku zomera koma ku chitsulo cha platinum.

Topotecan amapangidwa kuchokera ku camptothecin, wopezeka mu mtengo wina wa ku China, ndipo anavomerezedwa kuperekedwa limodzi ndi cisplatin pa khansayi mu 2006. Vincristine ndi vinblastine, omwe amathandiza pa khansa zina, amachokera ku duwa la Catharanthus roseus la ku Madagascar, lomwe limadzalidwa m'makomo ambiri kuno. Izi sizikutanthauza kuti munthu angawiritse masamba ake n'kumwa. Chomeracho chili ndi poizoni, ndipo pamafunika masamba ochuluka zedi kuti mupezeke mankhwala ochepa oyengedwa bwino.

Zomwe zikadali pa kafukufuku

Akatswiri akuyesa curcumin wa mu turmeric ndi EGCG wa mu tiyi wobiriwira. M'malabotale, zinthuzi zimafooketsa maselo a khansa ndipo nthawi zina zimathandiza cisplatin kugwira ntchito. Vuto ndi lakuti thupi la munthu si mbale ya mu labotale: curcumin akamwedwa, wochepa kwambiri ndi amene amalowa m'magazi. Artesunate, wachibale wa mankhwala a malungo a LA, ochokera ku chitsamba cha Artemisia annua, wayesedwanso pa zilonda zoyambirira za pakhomo la chiberekero. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chavomerezedwa kulowa m'malo mwa kemo.

Kuphatikiza zitsamba ndi kemo

Mayi wa ku Ntcheu wofunika kemo amayenera kupita ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe bungwe la Médecins Sans Frontières lakhala likuthandiza odwala khansayi kuyambira 2018. Ulendowo umafuna ndalama, pomwe sing'anga ali pafupi, choncho n'zosadabwitsa kuti ena amamwa zonse ziwiri. Apa ndi pomwe pagona ngozi. Cisplatin amalemetsa impso, paclitaxel amasefedwa ndi chiwindi, ndipo mankhwala azitsamba osadziwika mlingo wake akhoza kuwonjezera katundu pa ziwalo zomwezi. Chitsamba cha St John's wort, mwachitsanzo, chimachepetsa mphamvu ya irinotecan m'magazi. Wodwala ayenera kuuza dokotala chilichonse chomwe akumwa, ngakhale atachipatsidwa ndi agogo ake. Choopsa kuposa zonse ndi kuchedwa kupita kuchipatala poyembekezera kuti zitsamba zigwire ntchito.

Kupewa

Boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu Januwale 2019, litamuyesa kaye ku Rumphi ndi ku Zomba. Kuyezetsa kwa VIA, komwe amapaka viniga pakhomo la chiberekero kuti zilonda zioneke, kumachitika mwaulere m'zipatala za boma. Amayi omwe ali ndi HIV amalimbikitsidwa kuyezetsa pafupipafupi chifukwa chiopsezo chawo n'chachikulu pafupifupi kasanu ndi kamodzi.