Momwe malipiro a oyendetsa ndege amakhazikitsidwira m'dziko la America

Malipiro a anthu oyendetsa ndege za m'makampani akuluakulu a m'dziko la America amachokera pa mgwirizano umene makampaniwo amasainirana ndi mabungwe oimira anthuwa. Zokambirana za mgwirizanowu kawirikawiri zimatenga zaka chifukwa lamulo la dzikolo sililola oyendetsa ndege kunyanyala ntchito mpaka njira zonse zoyanjanitsira mbali ziwirizi zitatsatidwa.

Bungwe lalikulu la oyendetsa ndege ndi Air Line Pilots Association, ALPA mwachidule, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1931 motsogozedwa ndi David Behncke. Bungweli limaimira oyendetsa ndege a makampani monga Delta ndi United, pomwe a kampani za American ndi Southwest ali ndi mabungwe awoawo.

Woyendetsa ndege amalipidwa potengera maola amene wauluka, ndipo maolawa amawerengedwa kuyambira pamene ndege yachoka pamalo okwerera kufikira pamene yaima pamalo otsikira. Malamulo a zachitetezo salola munthu kuuluka maola oposa 100 pa masiku 28, kapena oposa 1,000 pa chaka. Pachifukwachi mabungwe amalimbikira kuti mumgwirizano mutchulidwe maola amene munthu ayenera kulipidwa pamwezi ngakhale atauluka pang'ono, ndipo m'makampani ambiri maolawa amakhala pakati pa 70 ndi 75.

Ndalama ya pa ola limodzi imadalira zinthu zitatu: udindo wa munthuyo, ngati ali kaputeni kapena wachiwiri wake, kukula kwa ndege imene amayendetsa, komanso zaka zimene wagwira pakampaniyo. Kampani iliyonse imasunga mndandanda wa oyendetsa ndege potsata tsiku limene aliyense analembedwa ntchito. Amene ali pamwamba ndiye amayamba kusankha ndege, maulendo ndi masiku a tchuthi, ndipo ntchito ikachepa amayamba kuchotsedwa ndi wapansi. Kaputeni amene wagwira zaka 20 akasamukira kukampani ina amakayambira pansi pa mndandanda. Motero wosakhutira ndi malipiro sangangochoka, ndipo chiyembekezo chake chonse chimakhala pa bungwe lake.

Lamulo loyendetsera zokambiranazi ndi Railway Labor Act, lomwe linakhazikitsidwa mu 1926 kaamba ka ogwira ntchito ku njanji ndipo linayamba kukhudza makampani a ndege mu 1936. Malinga ndi lamuloli, mgwirizano sutha mphamvu nthawi yake ikakwana koma umapitiriza kugwira ntchito kufikira wina utasainidwa. Mbali ziwirizi zikalephera kumvana, nthambi ya boma yotchedwa National Mediation Board imalowererapo ngati mkhalapakati, ndipo palibe malire a nthawi imene ingasunge nkhaniyo. Ikaona kuti zakanika, imapempha mbalizo kuti zivomere woweruza woima payekha. Imodzi ikakana, pamadutsa masiku 30 kunyanyala kusanaloledwe. Ngakhale pamenepo, mtsogoleri wa dziko angathe kusankha komiti yapadera yofufuza nkhaniyo, zomwe zimaimitsa kunyanyala kwa masiku ena 60.

Mphamvu imeneyi inaoneka mu Febuluwale 1997 pamene oyendetsa ndege a American ananyanyala ntchito ndipo Pulezidenti Bill Clinton anaimitsa kunyanyalako pasanathe theka la ola. Komabe nthawi zina boma limangoyang'ana. A kampani ya Northwest ananyanyala masiku 15 mu 1998, ndipo a Spirit ananyanyala masiku asanu mu 2010.

Mbiri ikuonetsa kuti malipirowa amakwera ndi kutsika potsata momwe malonda a ndege akuyendera. Zigawenga zitaphulitsa nyumba pogwiritsa ntchito ndege pa 11 Sepitembala 2001, makampani ambiri analowa pansi. United inakapempha chitetezo kukhoti mu 2002 italemedwa ndi ngongole, ndipo Delta ndi Northwest anachita chimodzimodzi mu 2005. Oyendetsa ndege a Delta anavomera kuti malipiro awo adulidwe ndi 32.5 peresenti mu 2004 ndi 14 peresenti ina chaka chotsatira, pomwe thumba la penshoni la anzawo a United linathetsedwa n'kupita m'manja mwa nthambi ya boma.

Zinthu zinatembenuka pamene oyendetsa ndege anayamba kuperewera. Potsatira ngozi ya ndege ya Colgan Air imene inapha anthu 50 pafupi ndi mzinda wa Buffalo mu 2009, boma linalamula kuti kuyambira 2013 wofuna ntchitoyi akhale atauluka kale maola 1,500, kupatula ochokera kunkhondo ndi m'sukulu zina zovomerezeka. Lamulo lina limati aliyense apume akakwanitsa zaka 65. Kuwonjezera apo, makampani analimbikitsa ambiri kupuma msanga pa nthawi ya mliri wa Covid-19, ndipo apaulendo atachulukanso anthu oyendetsa ndegezo sanakwane.

Mgwirizano wa Delta ndiwo unatsegula njira. Zokambirana zinayamba mu 2019, zinaima mu 2020 kaamba ka mliriwo, n'kuyambiranso mu Januwale 2022. Mu Okutobala chaka chomwecho, 99 peresenti ya amene anaponya voti analoleza atsogoleri awo kuitanitsa kunyanyala ngati lamulo litalola. Palibe ananyanyala, koma pa 1 Malichi 2023 oyendetsa ndege pafupifupi 15,000 anapeza mgwirizano wokweza malipiro ndi 34 peresenti pa zaka zinayi, kuyambira ndi 18 peresenti nthawi yomweyo. Zonse pamodzi zinali ndalama zoposa madola 7 biliyoni. American ndi United anasainira migwirizano yofanana nawo chaka chomwecho, ndipo Southwest inatsatira mu Januwale 2024.

Kumene kulibe ndondomeko yaitali yotere, mkangano umathera kukhoti ndege zitaima kale. Mu Novembala 2022 oyendetsa ndege a Kenya Airways, kampani imene ndege zake zimateranso ku Lilongwe, ananyanyala masiku anayi podandaula za thumba lawo la penshoni ndi malipiro amene anatsalira pa nthawi ya mliri. Iwo anabwerera pa ntchito khoti loona za ntchito litawalamula kutero. Kampaniyo, yomwe pafupifupi theka lake ndi la boma la Kenya, inati imataya mashilingi 300 miliyoni patsiku. Ndondomeko ya ku America imapewa chitayiko chotere, koma ogwira ntchito ndi amene amadikira: a Delta anatha zaka pafupifupi zinayi akukambirana uku akulandira malipiro akale.